Posamutsa batire ya galimoto, fyuzi isatalikire

Kutentha kwa kwa Tengani m'boma la Nsanje, komwe nthawi zina kumapyola madigiri 40, kumafooketsa msanga batire yoyandikana ndi injini. Kuisamutsira kubuti kumathandiza, koma waya wa pozitivi amatalika, ndipo akasupuka n'kukhudza chitsulo, galimoto ikhoza kupsa.

Choncho yambani mwamasula negativi. Ikani fyuzi yaikulu pasanapyole masentimita 30 kuchokera pabatire. Waya wochindikala akafike pakabokosi kogawa magetsi pomwe panali batire kale, ndipo mawaya a sitata, olutaneta ndi magetsi ena achokere pamenepo, waung'ono aliyense ndi fyuzi yake. Negativi ilumikizidwe pachitsulo chopalidwa penti.

Batireyo imangidwe zolimba m'bokosi lotulutsira mpweya panja, chifukwa mpweya wake sumachedwa kuyaka.