Za Mabo Wopanga ndi Ziboliboli za ku Dar es Salaam

Nkhani yathu lero ndi ya zinthu zokometsera nyumba zimene anthu a kwathu amakagula ku Dar es Salaam, mzinda waukulu wa kugombe la Tanzania. Ambiri a inu mwafikako, ena pa basi podzera pa Songwe, ena pa njanji ya TAZARA yochokera ku Kapiri Mposhi, ndipo mwaona m'masitolo ndi m'mbali mwa misewu matailosi onyezimira, miphika ya maluwa, mikango yoika pachipata ndi zosema za mtengo wakuda. Wogulitsa akuti, "Uyu ndi mabo, ichi ndi phingo," nanunso muvomera. Tsono tiyeni tione bwino chimene mukutayira ndalama zanu.

Mabo weniweni ndiye mwala wa laimu umene unapsa pansi pa nthaka ndi kupsinjidwa ndi miyala ina kwa zaka zosawerengeka, kufikira unasanduka wa timibulu tonga ta shuga. Mizere imene muiona m'kati mwake ndiyo dothi ndi chitsulo zimene zinalowerera pamene mwalawo unali kusandulika. Wotchuka koposa ndi wa ku Carrara, m'dziko la Italy, umene Michelangelo anasemera chifanizo cha Davide chimene anatsiriza mu 1504. Koma si mwala wa Azungu okha ai: mzinda wa Lusaka wakhala pamwamba pa miyala ya mtundu womwewu. Chokwezetsa mtengo wake ndi ntchito yophwanya, kucheka ndi kusalaza, ndiponso kulemera kwake, pakuti chibuma cha mita imodzi mbali zonse chilemera pafupifupi makilogalamu 2,700.

Chifukwa cha kudula kumeneku anthu anayamba kale kutsanzira mabo. M'mudzi wa Pompeii, umene unakwiririka ndi phulusa la phiri la Vesuvius m'chaka cha 79, muli zipupa zopakidwa kuti zioneke ngati miyala yocheka. M'zaka za m'ma 1600 amisiri a ku Carpi, komweko ku Italy, anatchuka ndi njira yotchedwa scagliola, ndiyo kusakaniza jipisamu, guluu ndi utoto, n'kusalaza kufikira kunyezimira. Ku England kunali wopenta wina, Thomas Kershaw, amene anali kupaka matabwa mwaluso kotero kuti analandira mphotho pa zionetsero zazikulu za ku London mu 1851 ndi ku Paris mu 1855. Chotero ine sindiyesa kutsanzira mabo kukhala kuba. Ndi luso, ndipo mmisiri wake ayenera malipiro. Kuba kuyamba pamene chopangacho chigulitsidwa pa mtengo wa chenicheni, kapena pamene wogula sauzidwa malo amene chinthucho sichingakhalitse.

Njira ya wopenta ndi yosavuta kuifotokoza, ngakhale ili yovuta kuichita. Ayamba wapaka khoma penti woyera, nalola kuti aume. Pamwamba pake apakanso penti wosungunula wotuwira, namufufuta ndi nsanza kuti pakhale mitambomitambo. Pamenepo atenga nthenga, naiviika mu utoto wakuda, nakoka mizere yokhotakhota. Wophunzira amachulukitsa mizere ndi kuilinganiza ngati mizere ya chimanga. Katswiri amakoka yochepa, ina yoduka panjira, chifukwa mwala sudziwa kulinganiza. Potsiriza apaka vanishi.

Jipisamu mumudziwa nonse ngakhale dzina lingakhale lachilendo. Ndiye ufa woyera uja umene a chipatala amamangira chikhakha pa mwendo wothyoka, ndipo ife amene tinaimako patsogolo pa ana m'kalasi tinaugwira tsiku ndi tsiku, pakuti choko chambiri cha pa bolodi chipangidwa ndi womwewo. Mwala wake ukumbidwa m'Tanzania momwemo, cha ku Kilwa ndi ku Makanya. Akauotcha pa moto wa madigiri pafupifupi 150 utaya madzi ake n'kusanduka ufa. Mukauthiranso madzi ulimba msanga, ola lisanathe. Ndicho chifukwa chake amisiri amaukonda popanga maluwa a kudenga, mitu ya nsanamira ndi tiziboliboli ta pa kabati: athira m'chikombole, ndipo tsiku limodzi atulutsa zambiri.

Koma apa mpofunika kumvetsetsa, pakuti mpamene ndalama za anthu zitayikira. Jipisamu saleka kukonda madzi. Asungunuka pang'onopang'ono, magalamu awiri mu lita imodzi, ndipo kumeneko kungaoneke kochepa kufikira mutawerenga mvula ya chaka chonse. Ku Dar es Salaam mvula yaikulu igwa kuyambira Marichi kufikira Meyi, ina yochepa cha kumapeto kwa chaka, ndipo mpweya wa kunyanja ndi wa chinyontho ndi mchere. Mkango wa jipisamu wopakidwa bwino ungakongole pachipata miyezi ingapo. Penti akangong'ambika pamodzi, madzi alowa, waya wa m'kati achita dzimbiri natupa, ndipo mutu ugwa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chapanja chiyenera kukhala cha simenti, ndipo simenti siisowa mumzindawo, popeza fakitale ya pa Wazo Hill inayamba kuipanga mu 1966. Khoma lopenta nalonso lili ndi mdani yemweyo. Mukapaka penti wa mafuta pa pulasitala wosauma, kapena womangidwa ndi mchenga wa mchere, mabo wanuyo atuluka matuza ndi kusendeka. Kwathu ku Nkhata Bay, ku Mulanje ndi m'madambo a ku Copperbelt chinyontho chichita chimodzimodzi.

Pali chopanga china chimene ine ndichilemekeza kuposa zonse, ndicho terrazzo. Amisiri asakaniza tizidutswa ta mabo weniweni ndi simenti, nathira pansi, ndipo zikalimba apera ndi makina kufikira pasalala. Njira imeneyi inakula ku Venice, kumene antchito anali kutola zotsala za miyala ya olemera. Mudzaiona pa makwerero ndi m'makonde a nyumba zambiri zakale za pakati pa mzinda wa Dar es Salaam, zopondedwa ndi mibadwo iwiri kapena itatu. Zatsopano ndizo matailosi osindikizidwa chithunzi cha mabo, mapepala olimba a pulasitiki omata pakhoma, ndi masinki a ufa wa mwala wosakaniza ndi utomoni wa m'fakitale. Ndipo mungadabwe kumva kuti m'khitchini tailosi losindikizalo liposa mwala weniweni. Mabo ndi laimu, ndipo laimu adyeka ndi chowawasa chilichonse. Madzi a mandimu kapena viniga akadontha patebulo la mabo asiya banga la mbuu losachoka ndi sopo. Tailosi silisamala zimenezo. Cha utomoni chiopa moto: musaikepo mphika wochokera pa mbaula.

Nanga wogula adziwa bwanji? Ikani dzanja. Mwala uzizira ngakhale masana, pamene pulasitiki ndi penti zikhala zofunda. Yang'anani m'mphepete, pakuti m'mwala weniweni mzere ulowa m'kati n'kuonekera m'mbali mwake, koma pa chosindikiza uthera pamwamba. Yalani matailosi khumi pansi: mukaona awiri ofanana ndendende mwadziwa kuti anatuluka m'makina. Ndipo kandani kunsi kwa chiboliboli ndi chikhadabo. Jipisamu akandika, mabo sakandika.

Tsono za ziboliboli zenizeni. Pakati pa mzindawo, pa mphambano ya msewu wa Samora, paima msilikali wa mkuwa wogwira mfuti, Askari Monument, amene anaumbidwa ndi James Alexander Stevenson naimikidwa mu 1927 pokumbukira Aafirika amene anamenya nkhondo ndi kusenza katundu pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Makolo athu ambiri anayenda pa nkhondo imeneyo monga asilikali ndi amtengatenga, ndipo dzina lija la Kariakoo, kumene mukagula katundu, lichokera ku mawu akuti Carrier Corps, gulu la osenza katunduwo. Msilikaliyo wavumbwa mvula zaka zoyandikira zana limodzi osasungunuka. Chifanizo chaching'ono chooneka ngati mkuwa chimene mungachinyamule ndi zala ziwiri si mkuwa, ndi jipisamu kapena utomoni wopaka utoto.

Chimene Dar es Salaam atchuka nacho pa dziko lonse ndizo zosema za Amakonde, amene ambiri a iwo anaoloka mtsinje wa Ruvuma kuchokera ku mapiri a Mueda ku Mozambique. Poyamba anali kusemera alendo anthu ndi nyama monga zionekera. M'zaka za m'ma 1950 wosema wina, Samaki Likankoa, anayamba kubweretsa kwa wamalonda Mohamed Peera zifanizo za mizimu zopotoka miyendo ndi nkhope, zotchedwa shetani, ndipo zinagulidwa kwambiri. Palinso mtundu wa ujamaa, ndiwo mtengo umodzi wosemedwa anthu ambiri okwerana ndi kugwirana ngati banja. Pa msika wa ku Mwenge mungathe kuima pafupi ndi wosema n'kuona kasemasema ali m'manja.

Mtengo wawo ndi mpingo, umene ife timati phingo. Pakati pake mpakuda, kunja kwake nkoyera mwachikasu, ndipo ulemera kotero kuti umira m'madzi. Ukula mochedwa, zaka 70 kufikira 100 usanafike podulidwa, ndipo a kunja aufuna popangira zitoliro zotchedwa clarinet ndi oboe. Pokhala wosowa, nawonso uli ndi wotsanzira wake: mtengo wopepuka wothiridwa utoto wakuda ndi polishi wa nsapato. Polishi payekha si umboni, popeza ngakhale phingo leniweni amalipaka kuti linyezimire. Umboni ndiwo kulemera, ndi mtundu wa m'kati mukakanda pang'ono kunsi. Chosema chimene mmisiri wasiyako chigamba choyera chakunja, wakuda ndi woyera zikukumana mosalinganiza, ndicho chovuta kunamizira. Ngati mukonda chosemacho chifukwa cha ntchito ya manja, chiguleni ngakhale chili cha mtengo wina, koma pa mtengo woyenera chomwecho; mwina mwapulumutsa phingo limodzi la ku Kilwa.

Amalonda adziwenso kuti kuyambira mu Januwale 2017 mitengo ya banja la phingo inalowa m'ndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, limene liyang'anira malonda a nyama ndi zomera pakati pa maiko. Wofuna kudutsa pa Songwe kapena pa Nakonde ndi katundu wambiri wa phingo ayambe wafunsa za chilolezo kwa a za nkhalango asanalipire wosema. Ndipo pofika kwanu, chosemacho musachiike padzuwa kapena pafupi ndi moto, pakuti mtengo wochokera kugombe la chinyontho ukafika ku Lilongwe kapena ku Harare m'mwezi wa Okutobala ungang'ambike ukauma mofulumira. Chisungeni mumthunzi masabata oyamba, ndi kuchipaka phula pang'ono.