Nsalu ya thonje yosunga ndi kubweza kutentha

Amayi ambiri timadziwa kuti nsalu ya thonje imapitisa mphepo ndipo imamwa thukuta, pomwe ya nayiloni imawotcha thupi dzuwa likaswa mtengo. Koma akatswiri a zaulimi a boma la America anapita patsogolo: anapanga nsalu yomwe imamwa kutentha thupi likatentha, n'kukubweza kukayamba kuzizira.

Ntchitoyi inachitikira mumzinda wa New Orleans, pamalo a kafukufuku otchedwa Southern Regional Research Center, omwe ali pansi pa unduna wa zaulimi wa dzikolo. Boma linkafuna kuteteza msika wa alimi a thonje, chifukwa nsalu za nayiloni ndi poliyesitala zinkalanda makasitomala. Pamalo omwewo ndi pomwe mayi wina wasayansi, Ruth Benerito, anathandiza kupeza njira yoti zovala za thonje zisamachite makwinya zikachapidwa. M'zaka za m'ma 1980, Tyrone Vigo ndi Joseph Bruno anatulukira nsalu yosunga kutenthayi, yomwe inatchedwa Polytherm.

Chinsinsi chake n'chosavuta kumva. Taganizirani mafuta a nyama otsala m'poto. M'mawa wa mwezi wa June amakhala atagwirana, koma akaona moto amasungunuka. Chinthu chikamasungunuka chimamwa kutentha, ndipo chikamagwirananso chimatulutsa kutentha komweko. Akatswiriwa anamatirira ku ulusi mankhwala otchedwa polyethylene glycol, omwe amapezekanso m'mafuta ena odzola. Kukatentha, mankhwalawa amafewa mkati mwa nsalu n'kumwa kutentha kwa thupi. Kukazizira amalimbanso, ndipo kutentha komwe anasunga kumabwerera kwa wovalayo. Chifukwa choti anagwirana ndi ulusi, sayenderera ngati mafuta a m'poto aja. Makampani anagwiritsa ntchito lusoli posoka zovala zamkati za kumalo ozizira kwambiri.

Komabe nsaluyi ili ndi malire. Siipanga yokha kutentha, imangosunga komwe yalandira. Mankhwala onse akasungunuka, singamwenso kutentha kwina mpaka itazizira. Choncho imathandiza kwa kanthawi, makamaka munthu akamachoka potentha kupita pozizira.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa ife osamalira makanda. Mwana wobadwa masiku asanakwane amataya msanga kutentha kwa thupi, ndipo kuzizidwa kungathe kumupha. Nsalu iliyonse, yodula kapena yotchipa, ntchito yake ndi kusunga kutentha komwe kulipo. Kumukulunga khanda lozizidwa kale m'zitenje zambiri sikokwanira. N'chifukwa chake azamba amalimbikitsa njira ya kangaru: mwana agone pachifuwa cha mayi khungu kukhungu, atavala kachipewa, kenako onse awiri afundidwe. Thupi la mayi ndiye moto, chitenje n'chivundikiro chabe.

Phunziro lina ndi la thonje lenilenilo. Alimi a ku Chikwawa, Balaka ndi Salima amalima mbewu yomweyi, ndipo ku Makoka m'boma la Zomba kuli malo a boma ofufuzira za thonje. Zomwe zinachitika ku New Orleans zikuonetsa kuti kafukufuku wa zaulimi sathera m'munda. Akafika mpaka pa ulusi ndi pa chovala, mbewu ya mlimi imapeza ogula atsopano.