Fizikisi pa kafoni ka mabatani: mmene tinaphunzitsira sukulu zitatsekedwa

Pa 23 Marichi 2020 sukulu zonse m'Malawi muno zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19. A Fomu 4 anabwerera pa 7 Seputembala, enawo mu Okutobala. Boma linaika manotsi a sekondale pa intaneti, a pulayimale n'kumaphunzira pa wailesi ya MBC. Koma kuno kwa Kamwendo ophunzira anga ambiri ankadalira foni ya makolo, ya mabatani, yotchajitsa pa sola. Mayeso a MSCE nawo anali m'njira. Ndiye tikanatani?

Yankho linachokera mu fizikisi momwemo. Chilichonse chimene mumatumiza pa foni chimasanduka manambala 0 ndi 1. SMS yodzaza bwino ndi mabayiti 140 okha, pamene vidiyo imaonetsa zithunzi 25 kapena 30 pa sekondi iliyonse, chithunzi chilichonse chili ndi timadontho masauzande ambirimbiri. N'chifukwa chake bandulo imatha ngati mchere wagwera m'madzi mukangotsegula vidiyo.

Nanga bwanji netiweki imavuta kumudzi? Mafunde a wailesi amathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, koma akamatalikira nsanja mphamvu yake imamwazikana. Pamalo opanda chotchinga, mtunda ukawirikiza kawiri mphamvu imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Makoma, mitengo ndi zitunda zimadyanso ina. Amene amakwera pachulu kuti aimbe foni sapenga ayi, akudziwa fizikisi!

Choncho za mavidiyo ndinaziika pambali. Ndinkajambula mawu a mphindi zitatu, n'kutola chithunzi cha manotsi olemba pamanja, n'kutumiza pa WhatsApp kwa ochepa amene anali ndi mafoni aakulu. Iwowo ankagawira anzawo pa Bluetooth, imene sidya bandulo. Enawo ndinkawatumizira funso limodzi pa SMS Lolemba lililonse.

Labu inasamukira pakhonde. Yesani nanunso: mangani mwala ku chingwe chotalika mita imodzi, muchikoleke pa phaso, mukankhe pang'ono. Werengani maulendo khumi opita ndi kubwera. Mupeza masekondi pafupifupi 20. Sinthani mwalawo, muike wolemerapo. Nthawi isintha? Ayi ndithu. Tsopano fupikitsani chingwe chikhale masentimita 25: nthawi ija itsika ndi theka. Mwatulukira nokha lamulo la pendulamu, opanda kompyuta.

Chimene foni inalephera ndi kundionetsa nkhope ya mwana amene sanamve. Amene anasiya kuyankha SMS ndi amene ndinkawadera nkhawa kwambiri, ndipo ena sanabwererenso m'kalasi.

Sukulu zingathe kutsekedwanso. Kolera inachedwetsa kutsegulira ku Lilongwe ndi ku Blantyre mu Januwale 2023, namondwe Freddy n'kutseketsa za kum'mwera mu Marichi. Ndiye gwirizanani lero lomwe anthu anayi kapena asanu oyandikana nyumba, mudziwe amene ali ndi foni yaikulu, ndipo nambalayo mupatse aphunzitsi anu.