Malire a mphamvu za makhonsolo pa nthawi ya mliri ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi

Mliri wa kolera utafika povuta kumayambiriro kwa chaka cha 2023, boma lidalamula kuti sukulu za pulayimale ndi sekondale za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre ziyambe zadikira kaye osatsegula, ndipo ana adabwerera m'kalasi pa 17 Januwale. Makhonsolo nawo adalangizidwa kuletsa malonda a zakudya zophikaphika m'misewu, m'misika ndi m'madepoti. Kwa anthu a ku Chilinde, Kawale, Biwi ndi Area 23, komwe mabanja ambiri amadalira geni ya mandasi, thobwa ndi tchipisi cha pachiwaya, chiletsochi chidakhudza chakudya cha pakhomo. N'chifukwa chake ogwira ntchito m'boma ayenera kudziwa komwe mphamvu zoterezi zimachokera, pomwe zimalekezera, ndi amene amaziyang'anira.

Khonsolo, kaya ya mzinda kaya ya boma, ilibe mphamvu yolengeza chomwe pa Chingerezi amati State of Emergency, nthawi imene maufulu ena a anthu amatha kuimitsidwa. Gawo 45 la malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 lidapereka mphamvuyi kwa Mtsogoleri wa dziko yekha, ndipo nayenso lidamumanga manja. Ayenera kupeza chilolezo cha komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo. Angalengeze pokhapokha pali nkhondo, chiopsezo cha nkhondo, nkhondo yapachiweniweni kapena ngozi yachilengedwe yokhudza dera lalikulu. Ndipo kulengezako kumagwira ntchito m'dera lokhalo momwe muli vutolo. Masiku ake sapitirira 21, pokhapokha aphungu awiri mwa atatu alionse atavomereza kuonjezera, ndipo kuonjezera kulikonse sikupyola miyezi itatu. Ngakhale pamenepo pali maufulu omwe sakhudzidwa konse, monga ufulu wokhala ndi moyo, wosazunzidwa, wachipembedzo ndi wofanana pamaso pa lamulo.

Chomwe Amalawi akhala akumva kawirikawiri n'china, chotchedwa State of Disaster. Ichi chidakhazikika pa lamulo la 1991 la zokonzekera ngozi ndi kupereka thandizo, lomwe lidalowedwa m'malo ndi lamulo latsopano lomwe Nyumba ya Malamulo idavomereza mu 2023. Kulengeza kotere n'komwe a Lazarus Chakwera, ali Mtsogoleri wa dziko, adachita pa 13 Malichi 2023 namondwe wa Freddy atasakaza chigawo cha kummwera, komanso mu Malichi 2024 m'maboma 23 mwa 28 chifukwa cha ng'amba. Ntchito yake n'kutsegula njira yoti nthambi ya DoDMA isonkhanitse ndi kugawa thandizo mwachangu kudzera m'makhonsolo ndi makomiti a m'madera. Sikupatsa mkulu aliyense wa boma chilolezo choimitsa ufulu wa munthu.

Kusiyana kwa ziwirizi kudaonekera poyera mu 2020. Pa 20 Malichi chaka chimenecho, Mtsogoleri wa dziko a Peter Mutharika adalengeza State of Disaster chifukwa cha matenda a Covid-19, ndipo mwezi wotsatira nduna ya zaumoyo a Jappie Mhango idalengeza m'bindikiro wa masiku 21 woyamba pa 18 Epulo. Ochita malonda m'mizinda adachita zionetsero, akufunsa kuti adya chiyani akatsekeredwa m'nyumba. Pa 17 Epulo woweruza milandu a Kenyatta Nyirenda a bwalo lalikulu ku Lilongwe adapereka chiletso kwa bungwe la HRDC ndi anzake, ndipo m'bindikirowo sudachitike. Mu Sepitembala, oweruza atatu a bwalo lomwelo adagamula kuti m'bindikirowo udali wosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko, popeza udalanda anthu maufulu pogwiritsa ntchito malamulo ang'onoang'ono opangidwa ndi nduna, boma lisadatsate gawo 45. Tanthauzo lake kwa makhonsolo n'losabisika: chomwe nduna sidaloledwe kuchita ndi malamulo ang'onoang'ono, khonsolo singachichite ndi chikalata chomata pakhomo la msika.

Izi sizikutanthauza kuti khonsolo ya mzinda wa Lilongwe ilibe chochita mliri ukabuka ku Chilinde. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limailola kupanga malamulo ake okhudza misika, ukhondo ndi malonda, omwe ayenera kuvomerezedwa ndi nduna, ndipo lamulo la zaumoyo wa anthu limaipatsa udindo wopewa matenda m'dera lake. Koma chiletso chilichonse chiyenera kukwaniritsa zomwe gawo 44 likunena: chikhale chochokera m'lamulo, choyenerera, chogwirizana ndi mfundo za ufulu wa anthu zomwe mayiko amatsata, ndiponso chofunikira m'dziko la demokalase. Kutseka msika wonse chifukwa cha chimbudzi chimodzi chodzadza kungavute kukuteteza m'bwalo la milandu ngati padali njira ina yosapweteka anthu ambiri. Gawo 43 limaonjezera kuti munthu amene ufulu wake wakhudzidwa ndi chiganizo cha ofesi ya boma ayenera kupatsidwa zifukwa zolembedwa. Mayi wogulitsa mandasi amene walandidwa beseni ali ndi ufulu umenewu chimodzimodzi ndi mwini shopu yaikulu ya ku City Centre, ngakhale nthawi zambiri iye sadziwa.

Palinso nkhani ya mafumu a m'tauni. Iwowa ndiwo amafikitsa uthenga khomo ndi khomo, amadziwa nyumba zomwe zagwa ndi mvula, ndipo pa maliro a munthu womwalira ndi kolera anthu amamvera iwo. Komabe lamulo la mafumu silimalola mfumu kugwiritsa ntchito ulamuliro wake mumzinda popanda chilolezo cholembedwa cha khonsolo, choncho udindo wa chilichonse chochitika m'dzina la khonsolo umabwerera kwa khonsolo yomweyo.

Oyamba kuyang'anira mphamvuzi ndi makhansala, omwe amavomereza malamulo ndi bajeti ya khonsolo komanso kufunsa akuluakulu a m'maofesi. Dziko lino likudziwa mmene zimakhalira iwo akasowa, chifukwa kuyambira 2005 mpaka chisankho cha mu Meyi 2014 makhonsolo adayenda opanda makhansala. Pamwamba pawo pali mabwalo a milandu, ofesi ya Ombudsman yomwe imamva madandaulo a anthu kwaulere, ndi mkulu wolondoloza ndalama za boma.

Mbali ya ndalama ndiyo yakhala ikuvuta kwambiri, popeza pa ngozi zinthu zimagulidwa mothamanga. Kafukufuku wa ndalama zokwana K6.2 biliyoni zolimbana ndi Covid-19, zomwe zina mwa izo zidapita kumakhonsolo, adapeza kuti padali kugula katundu mosatsata ndondomeko ndi kulipirana maalawansi osayenera. Lipotilo litatuluka mu Epulo 2021, nduna ya zantchito a Ken Kandodo idachotsedwa paudindo, ndipo ogwira ntchito m'boma angapo adamangidwa.