Tiziphuphu ta pamlomo tinatsala pang'ono kuthetsa chibwenzi ku Mwanza

Usiku wina ndinalandira uthenga pa WhatsApp kuchokera kwa msuweni wanga amene amayendetsa kabaza wa njinga yamoto pa boda ya Mwanza. Chinali chithunzi cha mlomo wake wam'mwamba, ataukoka ndi zala. Pansi pake analemba mawu awiri okha: "Asuweni, ndapsa."

Nditachikulitsa ndinaona timadontho toyera, tachikasu pang'ono, titandandana m'mphepete mwa mlomo. Atandiimbira anaulula kuti kumalisechenso tiliko. Sitimapweteka, sitimayabwa, sitimatuluka mafinya. Koma chibwenzi chake chitationa chinanyamula chikwama n'kubwerera kwa makolo ake.

Sindinamudabwe mtsikanayo. Amene anakhalako pa boda akudziwa mmene mathiraki ochokera ku Beira, Harare ndi Joni amagonera pamzere podikira mapepala, mabala osatseka mpaka kucha. Kumalo kotere munthu akangoona kachilendo pathupi, maganizo amathamangira kumodzi basi.

Msuweniyo, poopa kukumana ndi omudziwa pamzere wa kuchipatala, anagula makapusozi kwa venda wina wonyamula mankhwala m'chikwama. Anamwa sabata ziwiri, palibe chinasintha. Mnzake wina anamuuza za adyo, iye n'kusinja, kumata pamlomo, kugona nazo. Kutacha mlomo unali utapsa ngati wautentha ndi phala.

Ndinachita kumukakamiza kuti apite kuchipatala. Dokotala anamuona, anamuyeza HIV ndi chindoko, zonse zinatuluka bwino. Kenako anamuuza dzina limene ngakhale ine, ndi digiri yanga yonse, ndinali ndisanalimvepo: Fordyce spots.

Dzinali linachokera kwa John Addison Fordyce, dokotala wa khungu wa ku America amene analemba za tiziphuphuti mu 1896. Kwenikweni si matenda. Khungu lathu lili ndi timatumba totulutsa mafuta kuti lisamaume, ndipo nthawi zambiri timatumbati timakhala patsinde pa tsitsi kapena cheya, pobisika. Tina timapezeka popanda tsitsi: m'mphepete mwa milomo, mkati mwa masaya, pa chida cha abambo, pa thumba la machende ndi pa milomo ya maliseche a amayi. Pamenepo khungu ndi lopyapyala, ndiye timaonekera. Kukula kwake ndi milimita 1 mpaka 3, ngati kanjere ka chitowe.

Munthu amabadwa nato, koma timayamba kuoneka akatha msinkhu, mahomoni akamakulitsa timatumbati. N'chifukwa chake ambiri amatizindikira pa msinkhu womwewo umene ayamba zibwenzi, n'kulumikiza ziwirizi molakwika. Mabuku a zachipatala amati akuluakulu pakati pa 70 ndi 80 mwa 100 aliwonse ali nato. Mu minibasi yodzadza yochoka pa Mwanza kupita ku Blantyre, opanda tiziphuphuti ndiwo ochepa. Sitipatsirana, kaya popsompsonana, pogonana kapena pomwera kapu imodzi.

Apa ndiyime kaye, chifukwa sindikufuna wina awerenge izi n'kudzitcha dokotala. Matuza odzadza madzi, owawa, ophulika n'kusiya zilonda, amenewo akhoza kukhala herpes. Njerewere za kumaliseche zimakula, zimachulukana, zimakhala zokhakhala. Chindoko ndiye chachinyengo: chimayamba ndi kachilonda kosawawa kamene kamapola kokha, matenda akadali m'thupi. Ta Fordyce timakhala momwemo chaka ndi chaka, ndipo timaoneka kwambiri ukakoka khungu. Kusiyanitsa kwake n'kwa wachipatala amene wakuona ndi maso, osati gulu la pa Facebook. Ngati manyazi akukulira, yambani mwaimbira Chipatala Cha Pa Foni.

Chimene chimandiwawa ine ndi makapusozi aja. Timatumba ta mafuta sitimva mankhwala opha tizilombo, chifukwa mulibemo kachilombo koti kafe. Kumwa mankhwalawa mwachisawawa kumangophunzitsa tizilombo tenitenito kupirira, moti tsiku limene chinzonono chidzabweredi, mankhwala adzakhala atafooka. Ofinya, ocheka ndi lezala poganiza kuti ndi mauka, akudzitsegulira bala pamalo pamene panalibe vuto. Madokotala ena a khungu amatiwotcha ndi laser kwa amene sitikuwasangalatsa, koma nazonso zimatha kusiya zipsera.

Dokotala uja anauza msuweni kuti abwere ndi mnzakeyo. Zinatenga masiku, ndi azakhali awiri, kuti mtsikanayo avomere. Atayezedwa nayenso n'kufotokozeredwa, anapempha galasi, n'kutembenuza mlomo wake. Anapezamo tinayi.

Anabwererana mwezi wa manachesi. Ndalama za makapusozi zinapita, ndipo chipsera cha adyo chija chikadalipo.