Zaka za miyala ya m'mapiri a Blantyre

Oswa miyala ya kwale ku Bangwe, Chilomoni ndi Machinjiri amaidziwa bwino miyala ya mizeremizere, yoyera ndi yakuda. Timibulu takuda tonyezimira m'mizeremo nthawi zambiri ndi hornblende, wa m'gulu la amphibole, amene amamera mwala ukapsa ndi kupanikizika pansi penipeni. Kafukufuku akusonyeza kuti miyala yambiri ya kumwera kuno inapangika zaka pafupifupi 1 biliyoni zapitazo, n'kudzapsanso zaka pafupifupi 550 miliyoni zapitazo, zigawo za dziko zikugundana popanga chigawo chimodzi chachikulu chotchedwa Gondwana.

Wina anganene kuti ngati mwala umodzi ukupereka zaka zosiyana, ndiye kuti akatswiri ofufuzawo akungolota. Ayi ndithu, chifukwa timibulu tosiyanasiyana ta m'mwalamo sitiwerenga chinthu chimodzi. Mu timibulu tina totchedwa zircon, uranium amasanduka mtovu pang'onopang'ono, ndipo zircon ndi wouma mutu: ngakhale mwala upsenso, pakati pake amasungabe zaka zoyambirira. Mu hornblende, potassium amasanduka mpweya wa argon, umene umathawa kutentha kukapitirira madigiri pafupifupi 500. Choncho hornblende amayamba kuwerenga mwalawo ukazizira, pamene mapiri akale akukokoloka, miyala yapansi ikukwera kufika pamene nyundo ikuipeza lero.