NYENYEZI IMENE IMAFULUMIRA MWADZIDZIDZI

M'miyezi ya Malici ndi Epulo, anthu a m'boma la Chongwe akayang'ana kumwera madzulo amaona gulu la nyenyezi lochedwa Vela. M'gulumo muli kanyenyezi kosaoneka ndi maso, kotsala pa nyenyezi yaikulu imene inaphulika zaka pafupifupi 11,000 zapitazo. Kukula kwake ndi makilomita 20 cabe, ngati theka la ulendo wocokera ku Chongwe kupita ku Lusaka, koma nkolemera koposa dzuwa.

Akatswiri amacha nyenyezi zotere kuti pulsar, ndipo yoyamba inapezedwa ndi Jocelyn Bell ku Cambridge mu 1967. Ya Vela imazungulira maulendo 11 pa sekondi imodzi, nitumiza mafunde a wailesi pa ulendo uliwonse. Liwiro limeneli limacepa pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku.

Koma mu 1969 Radhakrishnan ndi Manchester, pa cipangizo ca ku Parkes ku Australia, anaona kuti nyenyeziyo yafulumira mwadzidzidzi ndi magawo awiri pa miliyoni. Zimenezi zimabwerezeka pafupifupi zaka zitatu zilizonse, ndipo akatswiri a ku Hartebeesthoek, pafupi ndi Johannesburg, anazilondola kwa zaka zambiri.

Nanga cimaifulumizitsa nciani, popeza palibe coikankha kunja? Mai aliyense woweta nkhuku angaone yankho lake. Akazunguza dzira laliwisi m'mbale, naligwira pang'ono, nalisiyanso, limayambanso kuzungulira, cifukwa zam'kati sizinaime. Dzira lophika likaima laima.

Nyenyeziyi nayo iri ndi cikhokho colimba kunja, koma m'kati muli zinthu zonga madzi zimene zimayenda popanda cozigwira. Cikhokho cikamacepetsa liwiro, zam'katizo zimapitirira kuthamanga. Mu 1975 Anderson ndi Itoh anafotokoza kuti timizunguliro ta m'madzimo timakodwa m'cikhokho, ndipo tsiku limene tamasuka tonse pamodzi timapatsa cikhokhoco liwiro lake. Pambuyo pake pamapita masabata kapena miyezi kuti nyenyeziyo ikhazikike, pamene madzi wamba akadagwirizana ndi cikhokho nthawi yomweyo.

Palibe munthu angapange zinthu zothinana cotere pa dziko lapansi, motero kufulumira kumeneku ndiyo njira imodzi mwa zocepa zodziwira za m'katimo. Zambia iri m'gulu la maiko a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa nchito ya SKA, ya zipangizo zazikulu zomvera mafunde ocokera ku nyenyezi zonga imeneyi.